ALIPIRA NDANI? MBIRI YA ZIPATALA NDI MTENGO WA MANKHWALA M'DZIKO LA ZAMBIA

Makolo athu anali ndi mau akuti cipondamthengo. Mwana akadwala pamudzi, amake ankapita naye kwa sing'anga, ndipo asanalandire thandizo liri lonse ankayamba apereka kanthu kakang'ono, kapena mikanda, kapena nkhuku, kuti sing'angayo akalowe m'thengo kukakumba mizu. Malipiro eni-eni ankadikira kufikira wodwala ataimirira. Pamenepo mwini mbumba ankaitana abale, uyu nasonkha khasu, uyo mbuzi, napita nazo kukathokoza. M'mwambo umenewu muli zinthu ziwiri zoyenera kuzisunga mumtima powerenga mbiri iyi. Coyamba, mankhwala sanakhalepo aulere, ngakhale pa masiku aja pamene zitsamba za m'thengo zinalibe mwini. Caciwiri, katundu wa malipirowo sankamsenza wodwala yekha, koma mbumba yonse.

Masiku ano kuli mkangano m'mabasi, pa misika, ndi m'Nyumba ya Malamulo momwe. Ena ati kuciza anthu ndi udindo wa Boma, ndipo munthu asalipire kanthu pa khomo la cipatala. Ena ati cipatala cabwino ndi cija ca eni ake colipiritsa, pakuti kumeneko mankhwala apezeka ndipo mzere ngwaufupi. Mkanganowu suli wacilendo ai. Pa zaka pafupi-fupi 100 zapitazi dziko lathu layesa njira zonse ziwiri, ndi zina za pakati pake. Tiyeni tsono tizitsate imodzi-imodzi, tikufunsa mafunso awiri pa nyengo iri yonse: analipira ndani, ndipo cinakweza mtengo n'ciani?

Zipatala za mitundu itatu

Pa nthawi imene dziko lino linali kuchedwa Northern Rhodesia, munali zipatala za mitundu itatu: za mishoni, za migodi, ndi za Boma.

Anthu a kumidzi anadziwa mankhwala a Cizungu makamaka kupyolera m'mishoni. Ku cigawo ca Kum'mawa kunali cipatala ca Mwami ca mpingo wa Seventh-day Adventist pafupi ndi Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Ca Nyanje ca mpingo wa Dutch Reformed. Ndi ca St Francis ku Katete, cimene a mpingo wa Anglican anaciyamba m'caka ca 1948. Kum'mwera kunali ca Chikankata ca a Salvation Army. Wodwala ankabwera ndi mazira, nkhuku, dengu la cimanga kapena makobiri owerengeka. Koma mazira sangagule kwinini, ndiponso sangalipire ulendo wa dotolo wocokera kutsidya kwa nyanja. Ndalama zeni-zeni zinali zopereka za Akristu a ku Britain, ku America ndi ku South Africa, pamodzi ndi thandizo locepa la Boma. Ndipo madotolo ndi anamwino a mishoni ankalandira malipiro aang'ono poyerekeza ndi anzao otsala kwao. Cotero mankhwala a ku mishoni anaoneka otsika mtengo cifukwa cakuti munthu wina wa kutali, wosadziwika kwa wodwalayo, anali atalipira kale.

Ku migodi nkhani inali ina. Pamene anayamba kukumba mkuwa pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, zaka zocepa cisanafike caka ca 1930, anthu ambiri anafa ndi malungo, kamwazi, ndi matenda ena a madzi oipa. Mbiri inabuka yakuti mumtsinje wa Luanshya muli cinjoka cimene cikutha anthu, ndipo anchito anayamba kuthawa. Eni mgodi anaitana Sir Malcolm Watson wa ku Ross Institute ku London, katswiri wa za malungo. Iye analangiza kukumba ngalande, kuumitsa madambo, kulambula mtsinje ndi kuthira mafuta pa zithaphwi, kuti udzudzu usowe poswera. Anakonzanso madzi akumwa ndi zimbudzi. Pa zaka zowerengeka imfa zinacepa kwambiri, ndipo migodi ina inatengera njira yomweyo. Ku Mufulira zipatala ziwiri zinapatsidwa maina okumbutsa nchito imeneyi: cina la Malcolm Watson, cina la Ronald Ross, amene anatulukira kuti malungo ayenda ndi udzudzu.

Kampani sinacite zimenezi cifukwa ca cifundo cokha. Inawerengera nipeza kuti munthu wodwala sakumba mkuwa, ndi kuti kukumba ngalande n'kotsika mtengo koposa kugoneka odwala ndi kufunafuna anchito atsopano mwezi ndi mwezi. Zipatala za migodi zinali za eni ake, osati za Boma. Komabe wa pa mgodi ndi banja lake sankatulutsa ndalama pa khomo, pakuti mkuwa ndiwo unali kulipira. Koma mwai umenewu unali ndi malire ake, popeza unali wa anthu okhala ndi nambala ya pa nchito. Nchito ikatha munthu ankabwerera kumudzi, nthawi zina ali ndi cifuwa ca fumbi la pansi, ndipo kumeneko kunalibe dotolo.

Zipatala za Boma zinali m'mizinda ya m'mbali mwa njanji ndi pa maboma, ndipo zinali zogawika: za Azungu pa zokha, za anthu akuda pa zokha. M'zaka za Citaganya, cimene cinayamba mu 1953 nicitha mu 1963, nkhani za umoyo zinkalamulidwa kucokera ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare. Mlimi wa m'cigwa ca Luangwa ankakhoma msonkho caka ndi caka, koma akadwala ankamnyamula pa macila ulendo wa masiku angapo. Apa tiona mtengo woyamba umene sulembedwa pa pepala la cipatala, ndiwo mtunda. Amuna onyamula macila asiya minda yao, mai wodwazika asiya ana, ndipo kamba wa pa njira acokera m'nkhokwe ya banja.

Ufulu ndi mankhwala aulere

Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, Boma la Dr Kenneth Kaunda linathetsa tsankho m'zipatala, nilamula kuti mankhwala akhale aulere kwa onse. Inali nyengo ya mwai, pakuti mkuwa unali kugulidwa pa mtengo wabwino. Tizipatala tating'ono tinamangidwa m'midzi yambiri. Gulu la madotolo oyenda pa ndege, la Zambia Flying Doctor Service, linayamba kufika ku malo opanda miseu. Ndipo m'caka ca 1973 madotolo oyamba ophunzitsidwa m'dziko muno anatsiriza maphunziro ao pa University of Zambia. Zipatala za mishoni sizinatsekedwe. M'caka ca 1970 zinapangana kukhala ndi bungwe limodzi, limene pambuyo pake linachedwa Churches Health Association of Zambia, ndipo Boma linazithandiza ndi ndalama ndi anchito. Koma zipatala zofuna phindu sizinagwirizane ndi ciphunzitso ca Umunthu cimene Boma linali kutsata, ndipo m'caka ca 1975 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lothetsa mabungwe osonkherana ndalama za cipatala pamodzi ndi nyumba zolipiritsa zogonekamo odwala.

M'caka comweco ca 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Mafuta a galimoto anali atakwera kale kuyambira 1973, caka cimene malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa, kotero kuti katundu ankayenda njira zazitali ndi zodula. Tsono pafupi-fupi ndalama zonse zakunja zimene dziko linali kupeza zinali za mkuwa, ndipo zambiri za m'cipatala zinali zogula kunja: mankhwala, jekeseni, makina ojambula za m'kati mwa thupi, ngakhale tizitsulo tokonzera makinawo. Uwu ndiwo muzu waukulu wa kudula kwa mankhwala m'dziko lathu. Pamene Kwacha inayamba kugwira nchito m'caka ca 1968, Kwacha imodzi inali kuposa dola imodzi ya ku America. Pofika 2012 munthu ankafunika makwacha pafupi-fupi 5,000 kuti agule dola imodzi yomweyo, ndipo m'caka cotsatira Boma linacotsa maziro atatu pa ndalamayo. Botolo la mankhwala likhoza kukhala pa mtengo umodzi-modzi ku fakitale ya ku India kapena ku Switzerland, koma Kwacha ikagwa, botololo lakwera ku Lusaka.

M'zaka za m'ma 1980 lamulo linanenabe kuti mankhwala ngaulere, koma kawiri-kawiri m'nyumba yosungiramo munalibe kanthu. Wodwala ankaonana ndi dotolo osalipira, nalandira kapepala koti akagule yekha ku sitolo ya mankhwala. Madotolo ndi anamwino ambiri, amene dziko linawaphunzitsa ndi ndalama za msonkho, anapita kukagwira nchito ku Botswana, ku South Africa ndi ku Britain. Kuphunzitsa dotolo mmodzi kunkatenga zaka 7, ndipo akacoka, zaka zonsezo zinkapita naye.

Kubwerera kwa malipiro

M'caka ca 1987 World Bank inafalitsa malangizo akuti maiko osauka ayambe kulipiritsa odwala, ndipo m'caka comweco nduna za umoyo za mu Africa, zitasonkhana ku Bamako m'dziko la Mali, zinavomereza maganizo ofanana nao. Boma la Frederick Chiluba, limene linalowa m'caka ca 1991, linatsata njira imeneyi, ndipo pofika 1993 odwala anali kulipira pa zipatala za Boma. Ana osafika zaka 5, okalamba oposa zaka 65, amai a pakati opita ku sikelo, ndi odwala matenda ena monga cifuwa cacikulu anakhululukidwa. Zipatala za eni ake zinaloledwanso, niziculuka mu Lusaka ndi ku migodi, ndipo m'zipatala zazikulu za Boma munakhala mbali ziwiri, ina yochedwa High Cost, ina Low Cost.

Oyambitsa njirayi anali ndi zifukwa zomveka. Anati ndalamazo zidzakhala pa cipatala pomwepo kuti zigule mankhwala ndi sopo, ndi kuti munthu wolipira ali ndi mphamvu ya kufunsa. Pena zinathandizadi. Koma ndalama zotoleredwa pa khomo zinali kacigawo kakang'ono ka zonse zofunika poyendetsa cipatala, pamene kwa mlimi m'mwezi wa February, nkhokwe itapepuka, zinali phiri. Anthu anayamba kudikira kuti aone ngati matenda adzatha okha. Apa pali mtengo wina wobisika, ndiwo kucedwa. Malungo a mwana pa tsiku loyamba acizika ndi timapiritsi towerengeka. Pa tsiku lacisanu afuna bedi, magazi oonjezera, ndi galimoto yomtengera ku cipatala cacikulu. Ndalama imene yalandiridwa pa khomo ikatayika mowirikiza m'cipinda ca odwala kwambiri, ndipo nthawi zina mwanayo sabwerako.

Anthu a ku migodi nao anaona zacilendo. Kuyambira 1970 Boma linali ndi gawo lalikulu m'migodi, ndipo kampani ya ZCCM, imene inapangidwa m'caka ca 1982, inasamalira zipatala, madzi ndi nyumba za anchito. Kugulitsa migodi kutatsirizika m'caka ca 2000, eni atsopano anasunga zipatala zina, zina nizipita m'manja mwa Boma. Anthu zikwi zambiri amene anacotsedwa nchito anapeza kuti khomo limene analowapo kuyambira ubwana wao tsopano lifuna ndalama.

Phunziro la mankhwala a Edzi

Palibe nkhani yoonetsa bwino cimene cikweza mtengo wa mankhwala koposa ya Edzi. Matendawa anadziwika m'Zambia m'caka ca 1984, ndipo m'caka ca 1987 Dr Kaunda anauza anthu poyera kuti mwana wake anamwalira nao. Pofika 1996 akatswiri anali atapeza kuti mankhwala atatu omwedwa pamodzi akhoza kusunga moyo wa munthu zaka zambiri, koma mtengo wake unali woposa madola 10,000 pa caka kwa munthu mmodzi. Panalibe cipatala ca Boma kapena ca mishoni cokhoza kugulira odwala ake. Anagula ndi olemera owerengeka okha. Manda a Chingwere ndi a Leopards Hill ku Lusaka anali kudzala, mankhwala alipo pa dziko lapansi.

Tsono m'mwezi wa February 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ikhoza kugulitsa mankhwala a mtundu womwewo pa madola 350 pa caka, ndiko kuti ndalama yosakwana dola imodzi pa tsiku. Nanga kusiyana konseku kunacokera kuti? Kunacokera ku lamulo lopatsa wotulukira mankhwala mphamvu yakuti iye yekha ndiye awapange ndi kuwagulitsa kwa zaka 20. Makampani anena kuti popanda lamuloli sangabweze ndalama zimene ataya pofufuza mankhwala atsopano, ndipo m'mau amenewa muli coonadi. Koma pamene wogulitsa ali mmodzi ndipo wogula ali gone pa mphasa, mtengo uleka kutsata ndalama zopangira, nutsata mantha a wodwala. Opanga ataculuka, mtengo unapitirira kutsika, kufikira m'caka ca 2017 pamene panacitika pangano la madola 75 pa caka kwa maiko osauka.

Ngakhale pamenepo panafunikabe wolipira. Thumba la Global Fund linayamba m'caka ca 2002, la PEPFAR la ku America m'caka ca 2003, ndipo m'caka ca 2005 Boma la Zambia linayamba kupereka mankhwalawa kwaulere. Pofika 2020 anthu oposa 1,000,000 anali kuwalandira. Monga pa masiku a mishoni, wina wa kutali anali kusenza mbali yaikulu ya katundu. Koma dzanja lopatsa likhoza kubwerera. M'caka ca 2025 Boma la America linacepetsa thandizo lake la za umoyo ku maiko ambiri, ndipo m'mwezi wa May kazembe wake ku Lusaka analengeza kucotsa madola 50 miliyoni pa caka, ponena kuti mankhwala operekedwa kwaulere anali kubedwa ndi kugulitsidwa m'masitolo. Kuba nako kukweza mtengo, pakuti piritsi lobedwa lilipiridwa kawiri, ndi wopereka, ndiponso ndi wodwala wokaligula.

Kusonkherana

Tibwerere pang'ono ku nkhani ya malipiro a pa khomo. Ngongole zambiri za dziko zitakhululukidwa m'caka ca 2005, Pulezidenti Levy Mwanawasa anathetsa malipirowo m'zipatala zazing'ono za kumidzi kuyambira pa 1 April 2006, ndipo m'caka ca 2012 Boma la Michael Sata linawathetsa pa zipatala zonse zoyambirira, za m'mizinda zomwe. Koma walira mvula walira matope: kumene mankhwala sanafike okwanira, kapepala kaja kanabweranso. M'caka ca 2018 kunakhazikitsidwa lamulo la inshuwaransi ya umoyo ya dziko lonse, ndipo m'caka ca 2019 wa pa nchito anayamba kudulidwa Kwacha imodzi pa makwacha 100 ali onse a malipiro ake, womlemba nchito naonjezapo inanso imodzi. Bungwe la NHIMA linapatsidwa udindo wosunga thumbalo ndi kulipira zipatala za Boma, za mishoni, ndi za eni ake zimene lapangana nazo. Cobvuta n'cakuti anthu ambiri m'Zambia ndi alimi, asodzi ndi ogulitsa pa msika, amene alibe malipiro a pa mwezi oti adulidwepo.

Thumba lotere likumana ndi nthenda za zipatala za mitundu yonse iwiri. Cipatala ca eni ake cikamalipidwa pa cinthu ciri conse cimene cacita, cikhala ndi ciyeso ca kupima magazi kawiri, kujambula kosafunika, ndi kugoneka munthu woyenera kupita kwao. Ndipo wodwala sangatsutse, popeza sadziwa zimene dotolo adziwa. Wogula nsomba pa msika akhoza kuinunkhiza napita kwa wogulitsa wina, koma wobwera usiku ndi mwana wokomoka sanenerera mtengo. Cipatala ca Boma naco ciri ndi nthenda yake. Pamene malipiro a wanchito ali amodzi-modzi, kaya aona odwala 10 kaya 100, ndipo katundu alibe womyang'anira ngati wake, mzere utalika, ndi makina oonongeka akhala miyezi osakonzedwa.

Matenda nao asintha. Shuga, kuthamanga kwa magazi, impso ndi khansa sizitha ndi jekeseni imodzi. Zifuna mankhwala a moyo wonse ndi makina odula. Cipatala ca khansa ca ku Lusaka cisanatsegulidwe m'caka ca 2007, ofuna cithandizo ca makina oocha khansa ankatumizidwa ku Zimbabwe kapena ku South Africa. Ndipo pamwamba pa zipatala zonse pakhala cina ca kutsidya kwa nyanja: Pulezidenti Mwanawasa anamwalira m'cipatala ca ku France m'caka ca 2008, Pulezidenti Sata ku London m'caka ca 2014. M'caka ca 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti pa ndalama 100 ziri zonse za Boma, 15 zidzapita ku za umoyo, koma ndi maiko owerengeka okha amene anafikapo.

Tikaiyang'ana mbiri yonseyi tiona kuti dzina lolembedwa pa cipata, kaya la Boma, la mpingo kapena la kampani, silinali lokwanira pa lokha kukweza kapena kutsitsa mtengo. Zokweza zinali katundu wogula kunja ndi ndalama yofooka, wogulitsa wopanda mnzake wopikisana naye, anchito ophunzitsidwa nacoka, mtunda, kucedwa, ndi kuba. Zotsitsa zinali ngalande za ku Luanshya ndi kuculuka kwa opanga mankhwala. Tionanso kuti pa nyengo iri yonse imene wodwala analowa m'cipatala osatulutsa ndalama, panali wina amene analipiratu: Mkristu wa kutali, mkuwa, kapena wokhoma msonkho. Nyengo zowawa zinali zija pamene katundu anagwera wodwala yekha, pa tsiku lomwe analibe mphamvu ya kugwira khasu.

Makolo athu anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, n'cifukwa cake amphamvu ndiwo ankasonkhera wofooka, podziwa kuti mawa ciri pa iwo. Mbumba ya lero ndi anthu 19.6 miliyoni amene anawerengedwa m'caka ca 2022, ndipo nkhokwe yao ndi msonkho pamodzi ndi thumba la inshuwaransi. Mbiri yationetsa kuti nkhokwe yodzazidwa ndi mkuwa wokha, kapena ndi alendo okha, ikhoza kupezeka yopanda kanthu m'caka cimodzi. Iyenera kudzazidwa ndi eni mudzi, ali ndi moyo wamphamvu, yense monga mwa kukolola kwake. Ndipo amene wathiramo dengu lake ali ndi ufulu wonse wa kufunsa kuti cimanga catsala cingati, ndi kuti akutapamo ndani.